Ndinkathawa Buluu, Ndinaona Zakuda

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu, kuti abale a ku Bangwe amene mpaka lero amandiloza chala ndikamadutsa pa Mvula adziwe kuti sindikukananso. Makhadi 300 a ukwati aja, amene mkwati ndi mkwatibwi anatulukapo ndi nkhope zabuluu ngati anthu otsamwidwa ndi munga wa chambo, ndinasindikiza ndine. Tsiku lija ndinanamizira inki. Bodza la inki litakanika ndinanamizira purinta. Wolakwa anali ine ndi magalasi anga achikasu.

Ndili ndi kashopu ku Ndirande, chakufupi ndi pa Chinseu. Muli kompyuta imodzi, purinta, ndi makina a fotokope amene amafuna kuwawomba khofi pambali kuti akumbukire ntchito yawo. Ndimataipa makalata ofunsira ntchito a anyamata amene amakagogoda pa mageti a mafakitale ku Makata, mapulogalamu a maliro, mafomu a banki m'khonde, makhadi a chinkhoswe ndi a ukwati. Mvula ikatha, anthu n'kukolola, maukwati amachuluka ngati nyerere pa shuga, ndipo ine ndimamatirira pa sikirini kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka agalu atayamba kuuwa. Ndikafika kunyumba ndimapumula. Kupumula kwake n'kwa pa foni: gulu la WhatsApp la kumpingo, la a kumudzi, ndi la anzanga ochemerera timu ya mpira ya Maule, kumene timakangana za penate ya chaka chatha mpaka tambala woyamba.

Chakumayambiriro kwa 2024 maso anayamba kundivuta. Pofika madzulo ankakhala ngati wina wathiramo mchenga wa mu Nasolo. Zilembo zing'onozing'ono zinkavina. Nambala 3 ndi 8 zinkabwerekana zovala. Kenako kunabwera mlendo wamkulu, mutu waching'alang'ala. Amene sanaudwalepo amauyesa litsipa wamba. Wanga umayamba ndi timizere tonyezimira m'mbali mwa diso, ngati malata atsopano padzuwa, ndipo pakapita mphindi 20 kapena 30 kuseri kwa diso lakumanzere kumakhala mmisiri wa zidebe wa mumsika wa Ndirande, nyundo ili m'manja, akukhoma osapuma. Nseru imabwera pambuyo. Kuwala kulikonse kumabaya, ngakhale kwa kandulo. Mwana akagwetsa supuni umamva ngati wagwetsa chitsulo cha njanji.

Mankhwala anga anali Panado. Awiri m'mawa, awiri masana, ndipo ndikaona ngati mutu ukuganiza zobwera, awiri ena ouchingamira panjira. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Chiradzulu anandiyang'ana n'kunena kuti mutu wotere sumva mapiritsi, umafuna mphini ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo, ndipo anali atayamba kale kumasula kansalu ka ndalama kuti atume mwana kukagula lezala. Ndinawathokoza mwaulemu n'kutulukira khomo lakuseri. Akazi anga anali ndi maganizo awoawo.

"Bambo a Tadala, mwaona mmene mukugwirira foniyo? Mukuitambasulira mkono ngati ikununkha. Pitani ku Gulupu akakuyezeni maso."

"Maso anga ndi abwinobwino. Nambala ya minibasi ndimaiwerenga ili kutsidya kwa msewu."

"Zakutali mukuona. Nanga zapafupi?"

Ndinali ndi zaka 44. Magalasi owerengera, m'maganizo mwanga, anali a akuluampingo opuma pantchito, amene amawerenga zolengeza atawakoleka kunsonga ya mphuno. Nkhaniyo ndinaitseka mwachimuna, kutanthauza kuti ndinakweza mawu n'kutuluka panja.

Yankho limene mtima wanga unkafuna linabwera pa WhatsApp, mu uthenga umene unali utadutsa m'manja ambiri ngati K50 yong'ambika. Unkati mafoni ndi makompyuta amatulutsa kuwala kwa buluu, ndipo kuwalako kumawotcha maso, kumadwalitsa mutu, kumalanda tulo. Ndinawerenga kawiri, foni ili patali. Mtima unakhala pansi. Ine wa Maule chibadwire, wofiira mpaka m'mafupa, ndinkadziwa kale kuti ku mtundu wa buluu sikungachokere chabwino. Manoma ovala buluu a pa Lali Lubani akhala akundidwalitsa mutu kuyambira ndili mwana. Tsopano asayansi anali atangovomereza zimene ife takhala tikukuwa ku Kamuzu Stadium zaka zonsezi. Chokoma kuposa zonse, uthengawo sunatchule zaka zanga paliponse.

Yamikani, mwana wa mlongo wanga amene amandithandiza pashopu, anandisonyeza pamene pali Eye Care mu Tecno yanga. Sikirini inachita chikasu pang'ono ngati nyuzipepala yakale. Pa kompyuta anandipezera Night light ya mu Windows, imene ili ndi kamzere kokoka: ukakokera kumanja, buluu amachepa. Iye anakoka pang'ono n'kusiya. Ine ndinati mankhwala samwera theka. Ndinakoka mpaka pothera, sikirini n'kukhala ngati Sobo wa olenji wosathira madzi.

"Amalume, izitu anazipangira usiku."

"Mutu wanga sudziwa usiku kapena usana."

Mlungu umenewo mutu unabwerabe, kawiri. Wina akanakayikira mankhwalawo. Ine ndinakayikira mlingo wake.

Loweruka ndinapita ku Limbe kukagula mapepala ndi inki, ndipo chakufupi ndi msika ndinapeza mnyamata atayala magalasi pathabwa.

"Madala, owerengera alipo. Wani poyinti faifi, thuu, onse."

Ndinamuyang'ana mpaka anazindikira kulakwa kwake.

"Pepani bigi. Inuyo ndi a kompyuta eti? Ndaona maso. Anu ndili nawo."

Anatulutsa katochi kooneka ngati cholembera ndi kakhadi koyera. Atawalitsa pakhadipo panatuluka banga lapepo. Anaika galasi pakati n'kuwalitsanso pena, banga osatuluka. "Mwaona bigi? Poizoni yense watsala pagalasi." Ndinamva ngati ndaona Mose akugawa nyanja. Anali nawo a mitundu itatu: oyera, achikasu pang'ono, ndi ena achikasu chodera ngati uchi wokhalitsa. Ndinasankha a uchi. Anayamba ndi K15,000, tinathera pa K8,000, ndipo ndinachoka ndikudzitama kuti ndamudyera. Pathabwa lomwelo, chala chimodzi kuchokera pamene ndinatola angawo, panali owerengera aja, a mtengo wosafika theka.

Ndinapitiriza sukulu yanga ya pa intaneti, bandulo ikutha ngati madzi m'dengu. Ndinapeza kuti babu loyera la LED, limene tonse tinathamangira kuti mayunitsi azichedwa kutha, mkati mwake ndi labuluu. Amangolikuta ndi mankhwala achikasu kuti kuwala kuzituluka koyera. Asayansi atatu obadwira ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha kababu kabuluuko. Dziko lonse linawaombera m'manja. Ine ndinaona adani atatu. Tsiku lomwelo ndinazimitsa babu la m'shopu n'kukoleka chitenje pazenera. Munatsala kuwala kwa sikirini yaolenji ndi ine pakati, magalasi a uchi ali kumaso. Makasitomala ankalowa akupapasa. Mayi wina anavula nsapato pakhomo, kuyesa wafika kwa sing'anga. Kunyumba ndinakhazikitsa lamulo lomwelo, ndipo mayi a Tadala anandifunsa tili kudya mumdima: "Chaka chija cha 2022, namondwe Ana atawononga ku Kapichira, munkadandaula za mdima tsiku ndi tsiku mpaka makutu athu kuwawa. Lero magetsi alipo, mukuzimitsa nokha?"

Nthawi yake inalinso yolakwika. Miyezi imeneyo n'kuti matenda a maso ofiira aja, amene anabuka ku Karonga mu Febuluwale, atafalikira m'maboma ambiri, ndipo aliyense wovala magalasi odera ankamuyesa wodwala. M'minibasi, momwe timapanikizana ngati matemba m'thumba, ine ndinkapeza malo a anthu awiri. Kondakitala ankalandira ndalama yanga ndi zala ziwiri. Mayi wina anaphimba mwana wake kumaso ndi nsalu n'kunena mokweza kuti anthu ena alibe chisoni. Nditayesa kufotokoza za kuwala kwa buluu, minibasi yonse inatembenukira kumawindo. Kunena zoona, sindinayendepo momasuka chonchija pa msewu wa ku Ndirande.

Usiku wina ndikuchokera kushopu ndinaponda pamene ndinkayesa mthunzi. Inali ngalande. Amene amadziwa ngalande za kwathu kuno mvula itangotha sakufuna kuti ndifotokoze. Wakabaza amene anandivuula anandifunsa ngati ndalawako. Nditamuuza kuti sindimwa, anandiyang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato n'kuti, "Ndiye zikuvutanitu, madala." Wachiwiri ameneyo kunditchula madala mwezi umodzi.

Kumayambiriro kwa Meyi kunabwera a Nachisale a ku Bangwe, azakhali a mkwatibwi, mayi wa mawu ochepa amene akalowa m'chipinda amuna amayamba kukonza makolala. Anaima pakhomo kudikira kuti maso azolowere mdima wanga.

"Magetsi akuvutani, bambo?"

"Ayi mayi, ndi zaumoyo."

"Chabwino. Makhadi 300. Pepala loyera, maluwa ofiira, chithunzi cha anawa pakati. Loweruka m'mawa komiti ikukumana kwathu, mubwere nawo."

Tinagwirizana K500 khadi limodzi, ndipo anapereka theka. Chithunzi anatumiza pa WhatsApp: ana awiri okongola atajambulitsa pakapinga, mnyamata ali mu suti, mtsikana ali mu diresi yoyera. Nditachitsegula pa kompyuta ndinapukusa mutu. Nkhope zawo zinali ngati mapapaya akupsa, diresi ngati yaviikidwa mu tiyi. Ndinamunena wojambulayo chamumtima, kuti masiku ano aliyense wokhala ndi foni akudzitcha wojambula. Ndinayamba kukonza. Ndinachepetsa kufiira, ndinawonjezera buluu. Sizinasinthe kwenikweni. Ndinawonjezeranso. Zimene sizinandifikire m'mutu n'zakuti buluu amene ndinkathirayo ankagwidwa pa mageti awiri asanafike m'maso mwanga, geti la Night light ndi geti la magalasi. Ndinali ngati munthu wachimfine amene akuthira mchere m'ndiwo: kulawa, osamva kanthu, n'kuthiranso. Pamene diresi inayera m'maso mwanga, kamzere ka buluu kanali katafika kumapeto.

Lachisanu usiku purinta inayamba kulavula makhadi. Yamikani anatola loyamba n'kupita nalo panja, pamene panali kuwala kwa babu la anyamata a chiwaya. Anakhalako nthawi yaitali.

"Amalume, anthuwa akuonekatu ngati..."

"Ngati chiyani? Ntchito iyi ndinayamba iwe usanabadwe. Dula makhadi."

Anadula. Onse 300, mowongoka bwino. Mwana uja ali ndi ulemu woopsa. Paja amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Yanga n'kuti ikunoledwa ku Bangwe.

Komiti inakhala pabwalo, pansi pa mtengo wa mapeyala, dzuwa la m'mawa lili ngwee. Panali ankhoswe a mbali zonse, amayi a zophika ndi kope lawo la mpunga ndi nkhuku, ndi mkwati mwini wake atavala jezi yofiira ya Maule. Nditamuona mtima unakhala m'malo: wakwathu. Ndinapereka katoni kwa a Nachisale ndi manja awiri. Makhadi anayamba kuyenda dzanja ndi dzanja, ndipo kulikonse kumene ankafika mawu ankatha. Panali zii. Amene anayamba kuyankhula kanali kamtsikana ka zaka ngati zisanu.

"Agogo, anti amwalira?"

"Bambo," anatero a Nachisale, mawu ali pansipansi, "tavulani magalasiwo."

Ndinavula. Dzuwa linandibaya, ndipo misozi itaphwa ndinaona ntchito ya manja anga. Maluwa anali ofiira bwinobwino. Pakati pa maluwawo panali anthu awiri abuluu, milomo yapepo, mano ngati a mwana amene watafuna cholembera, akumwetulira mwachikondi. Diresi inali ya mtundu wa yunifolomu ya kupulayimale.

Mkulu wina wa kuchimuna anati awa ndi malodza, ukwatiwu uyambe wapemphereredwa. Mayi wina anafuna kudziwa amene wandituma. Koma amene anandilasa mtima ndi mkwati. Anaimirira, khadi likunjenjemera m'manja.

"Achimwene, mitundu yonse ili padziko pano, mwasankha kundipaka buluu? Ineyo? Anzanga akaona chimenechi ndidzalowanso bwanji mu sitediyamu?"

Ndinamuuza kuti nanenso ndi wa Maule. Palibe amene anakhulupirira. Apa m'pamene ndinatchula inki, kenako purinta, ndipo ndili mkati mwa bodza lachitatu timizere tonyezimira tija tinayamba m'mbali mwa diso. Patapita kanthawi ndinali kuseri kwa bafa la eniake, nditagwira mpanda, ndikubweza tiyi wopanda chomwera amene ndinamwa mbandakucha.

Ndinkayembekezera kuti andipitikitsa. A Nachisale, amene ndinamva pambuyo pake kuti anagwira unamwino zaka zambiri asanapume, anandigoneka pamphasa m'chipinda, anatseka makatani, n'kundiika kansalu konyowa pachipumi. Kunja ndinkamva komiti ikupitiriza kuwerenga nkhuku, dzina langa likutchulidwa apa ndi apo. Mutu utayamba kuphwa, anabwera ndi kapu ya thobwa n'kukhala pampando.

"Nsima munadya liti?"

"Dzulo... ayi, dzana usiku."

"Madzi?"

"Ndimamwa tiyi."

"Mumagona nthawi yanji? Panado mumamwa masiku angati pamlungu? Muli ndi zaka zingati?"

Funso lomalizalo ndinayankha chonong'ona. Chigamulo chinali chachidule: Lolemba ku Gulupu, Lachitatu makhadi atsopano 300 a m'thumba mwanga, ndipo magalasi achikasu asadzawaonenso ku Bangwe.

Lolemba ndinalawirira ku Lions Sight First Eye Hospital, chipatala cha maso cha pa Gulupu, ku Ginnery Corner. Pabenchi panali agogo a ng'ala amene anachoka kumudzi usiku, atagwiridwa dzanja ndi adzukulu awo, ndi bambo wina amene chitsulo chinamuthethekera m'diso akuwotcherera. Ndinachita manyazi ndi matenda anga a pa WhatsApp. Wondiyeza anali mtsikana woti ndingamubereke. Anandiwerengetsa zilembo zapakhoma, ndipo ndinatsika mpaka mizere yapansi ndikudzimva. Kenako anandipatsa kakhadi koti ndiwerenge pafupi. Mkono wanga unayamba ulendo wake uja. Anaugwira pachigongono n'kuubweza. Anandiveka chimango chachitsulo, cholemera, n'kulowetsamo timagalasi tiwiri. Zilembo zinasiya kuvina. Zinaima njo, zakuda bii, ngati asilikali pa perete. Misozi inalengeza. Ndinali nditaiwala kuti chilembo chimakhala ndi m'mphepete.

"Bambo, maso anu alibe matenda. Akula basi."

Anati kuseri kwa mwanadiso kuli kagalasi kofewa kamene kamasintha maonekedwe munthu akamayang'ana chapafupi. Zaka zikapitirira 40 kamayamba kuuma, ndiye diso limalimbana nako tsiku lonse, munthu n'kumatsinzinira, kukwinya chipumi, kusolola khosi ngati kamba. Mphamvu imene ndinkafunika inali +1.50. Wani poyinti faifi. Mnyamata wa ku Limbe uja anandiyeza ndi maso okha, ulere, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ine n'kumukwiyira.

Mchenga wa mu Nasolo unalinso ndi chifukwa chake. Munthu amaphethira mwina ka 15 pamphindi, koma akayang'anitsitsa sikirini amatha kuphethira theka la pamenepo kapena kucheperapo, ndiye misozi imene imanyowetsa diso imauma. Palibe utoto umene ungamuphethirire munthu. Ndinatulutsa magalasi anga a uchi kuti mwina alandireko ulemu pang'ono. Anawasuzumira, n'kuwabweza.

"Awa alibe mphamvu iliyonse, bambo. Ndi pulasitiki wa mtundu. Buluu amene mukumuthawayo, mukatuluka panja apa masana dzuwa likupatsani wochuluka kutalitali kuposa kompyuta yanu. Ndipo mukamakhala mumdima tsiku lonse maso amazolowera mdimawo, ndiye kuwala kumakupwetekani kuposa kale. Kayatseni babu. Sikirini isawale kuposa chipinda, komanso isade kuposa chipinda."

Anandipatsa lamulo la 20 katatu: pakatha mphindi 20 zilizonse, kuyang'ana chinthu chakutali mamita 6 kapena kuposa, kwa masekondi 20. Za mutu ananditumiza mbali ina ya chipatala. Kumeneko adokotala anati mutu waching'alang'ala ndi nthenda ya mitsempha ya mu ubongo, ndipo n'zoona kuti ukagwira kuwala kumaukulitsa, koma kwa ambiri chimene chimauputa ndi kudumpha chakudya, ludzu, tulo tosakwana ndi nkhawa. Zonse zinayi ndinali nazo, ngati kuti ndinachita kuzigula pa holoselo. Anawonjezera chinthu chimene sindinkachidziwa: munthu akamamwa mapiritsi wamba a ululu masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi ingapo, mapiritsiwo amayamba kubweretsa mutu wawowawo. Ndinawerenga pazala. Mwezi wa Epulo ndinaphonya masiku anayi okha. Anandiuza kuti ndiwasiye, ndipo ndizilemba m'kope tsiku limene mutu wabwera, zimene ndinadya, ndi nthawi imene ndinagona.

Nditapeza magalasi owerengera, chinthu choyamba chinali kubwerera ku sukulu yanga ya pa intaneti, ulendo uno ndikuona zimene ndikuwerenga. Zinali pomwepo nthawi yonseyi. Mu Ogasiti 2023 bungwe la Cochrane linatulutsa lipoti la gulu la Laura Downie wa ku yunivesite ya Melbourne ku Australia, limene linasonkhanitsa kafukufuku 17 wa m'mayiko asanu ndi limodzi, ndipo silinapeze umboni woti magalasi otchinga buluu amachepetsa kutopa kwa maso kuposa magalasi wamba. Lipotilo linatuluka miyezi ingapo ine ndisanapereke K8,000 yanga. Palibe amene analitumiza pa gulu la kumpingo. Ndinapezanso kuti mu 2016 Rami Burstein wa ku Harvard anayesa mitundu ya kuwala pa anthu odwala mutu waching'alang'ala, n'kupeza kuti woyera, wabuluu, wofiira ndi wachikasu chodera yonse inkawapweteka, pamene girini ndiye sankawavutitsa kwambiri. Chikasu chodera, mtundu weniweni wa shopu yanga. Nditayesa kufotokozera apongozi anga nkhani ya girini ndi buluuyi tinakanika kumvana, chifukwa kwa iwo masamba a chimanga ndi thambo lopanda mitambo zonse n'zobiriwira. Ndinawauza kuti kobiriwira kumapweteka koma kobiriwira kumathandiza. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti lezala ikadalipo.

Makhadi atsopano ndinasindikiza Lachiwiri, babu likuyaka, chitenje chitachoka pazenera, Night light itazima. Nditatsegula chithunzi choyamba chija ndinapeza kuti wojambula amene ndinamunena uja ndi katswiri. Sipanafunike kukonza chilichonse. Mapepala ndi inki zinandidyera K90,000, osawerengera buluku limene linalowa m'ngalande, limene mayi a Tadala anakana kulichapa. Iwowo sananene kuti "ndinakuuzani". Anangondigulira kachingwe kokolekera magalasi m'khosi, ngati ka akuluampingo kaja, n'kundiveka okha pamaso pa ana.

Mutu sunatheretu. Umabwerabe mwina kamodzi pamwezi, ndipo kope langa likusonyeza kuti umakonda Lolemba lotsatira Lamlungu limene Maule sanachite bwino ine n'kukangana pa foni mpaka usiku. Eye Care wa mu Tecno ndimamuyatsabe madzulo, pang'ono chabe, chifukwa m'chipinda chamdima maso amamva bwino. Pa kompyuta ya ntchito sindilola munthu kukhudza Night light. Mphindi 20 zikakwana Yamikani amagogoda patebulo, ine n'kuima pakhomo kuyang'ana phiri la Ndirande, lometedwa mpala lija, ndikuphethira ngati nkhuku yaona mvula. Anthu odutsa amaganiza kuti ndikupemphera.

Ku ukwati anandiitana. A Nachisale anali atasungako khadi limodzi labuluu, ndipo ndi limene ananditumizira, dzina langa litalembedwa bwinobwino. Pa pelekanipelekani woyendetsa mwambo anaitana "a Manoma a ku Ndirande", holo yonse n'kutembenukira kwa ine, ndipo ndinavina ndekhandekha ndikuponya ndalama zimene ndinalibe. Makhadi otsalawo mayi a Tadala amakolezera mbaula. Atsala osakwana 50. Limodzi Yamikani analikhoma pamwamba pa kompyuta, ndipo ndikalichotsa amakhoma lina.

Magalasi a uchi ndikadali nawo, ali mu dirowa pamodzi ndi mastepulo. Amene akuwafuna afike pa Chinseu, afunse shopu yoyaka babu masana. Ndinagula K8,000, koma K2,000 ndilandira.